Chingwe Chodutsa Khoma

Nyumba inali imodzi, makomo awiri. Khomo la kumanzere linali la kalabu ya alimi a mpunga. La kumanja linali la bungwe la ogulitsa nsomba pa doko la Kachulu. Denga limodzi, sola imodzi, koma ofesi iliyonse ndi rauta yake, netiweki yakenso. Alimi ankati a nsomba angawathere bandulo ya intaneti. A nsomba ankati alimi amangoonera mpira.

Pulinta yokha ndiyo inali imodzi. Inkakhala kwa alimi, pa tebulo la Fanuelo.

Fanuelo anakulira ku Chinamwali, mu Zomba. Kunyanja kuno anabwera ndi ntchito ya ukalaliki, ndipo sanabwere kudzakhalitsa. Fungo la matemba oyanika linkamudwalitsa mutu. Ankauza aliyense kuti mpunga ukangokololedwa iye wapita ku Blantyre. Mpunga unakololedwa, unagulitsidwa, wina unafesedwa. Iye ali pomwepo.

Chomwe chinamugwira chinkalowa pakhomo m'mawa uliwonse, fulashi ya mafayilo ili m'manja.

"Odi, a Zomba. Agogo anuwa adzuka bwanji lero?"

Ameneyo anali Jamila, mlembi wa a nsomba. Agogo amene ankawafunsawo inali pulinta. Jamila anali mwana wa mlongo wake wa Che Bakali, wapampando wa bungwelo. Mayi ake ankakhala pa chilumba cha Chisi, iye ankaleredwa ndi amjomba akewo. Kumsika sankapita yekha. Foni yake madzulo inkasungidwa ndi akazi a Che Bakali. Koma kusindikiza mapepala inali ntchito, ndipo ntchito Che Bakali sankaletsa.

Pulintayo inali yokalambadi. Yochedwa, yokonda kutafuna mapepala. Fanuelo ankainyoza pakamwa, mumtima akuidalitsa. Pepala likakodwa, onse awiri ankawerama n'kumalikoka pang'onopang'ono, mitu itayandikana.

"Ku Blantyre kuja mupita liti?" Jamila ankafunsa.

"Mwezi wamawa."

"Mwezi wathawu munateronso."

"Msewu ndi woipa."

"Minibasi zikupita tsiku lililonse, a Zomba. Kapena msewu wanu ndi wina?"

Mayi Getrude, msungichuma wa alimi, ankakhala pakona ndi nyuzi yakale. Ankamva zonse. Ankangotembenuza tsamba lomwe analiwerenga kale.

*

Tsiku lina mvula inagwa ya mphepo. Jamila analowa mpango utanyowa, nsapato zili matope okhaokha. Anaika fulashi mu kompyuta ya Fanuelo. Mafayilo onse anali atadyedwa ndi vairasi.

"Ndibwererenso," anatero akupukusa mutu. "Kuyendayenda kumeneku kudzandipha. Khoma lokhali, koma ngati ndikuwoloka nyanja."

Ananena akuseka. Fanuelo sanamve kusekako. Anamva dandaulo. Apa ndiye panali poonetsera kuti iye si kalaliki wamba.

Loweruka anakwera minibasi ya ku Zomba. Anabwera ndi chingwe cha buluu chachitali ndi chobowolera chobwereka kwa mnzake. Lolemba m'mawa fumbi la njerwa linali litadzaza ofesi.

"Iwe mwana wa m'tauni, khoma lakulakwira chiyani?" Mayi Getrude anafunsa akutsokomola.

"Ndikulumikiza, amayi. Onani. Netiweki yathu ili ngati Kachulu, yawo ili ngati Chisi. Kompyuta ya uko siingaione pulinta ya kuno. Ndiye kompyuta yangayi ikhala bwato. Mbali imodzi igwira netiweki yathu, mbali inayo igwira yawo kudzera m'chingwe ichi. Jamila akadina kwawo, pepala lizitulukira kuno. Bandulo aliyense adya wake."

"Akadina kwawo."

"Eya."

"Atakhala pa mpando wake."

"Osanyowanso ndi mvula."

Mayi Getrude anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapinda nyuzi yawo.

"Sukulu ndi yabwino," anatero. "Pitiriza."

Pofika masana zinali zitatheka. Fanuelo analowa ofesi ya a nsomba, analowetsa chingwe mu rauta yawo, anakonza kompyuta ya Jamila. Anamuuza kuti adine. Kuseri kwa khoma agogo aja anatsokomola n'kuyamba kulira. Amalonda amene anali pakhonde anaomba m'manja.

Jamila sanaombe. Ankayang'ana kabowo ka pakhoma.

"Ndiye kuti fulashi yatha ntchito?"

"Yatheratu. Simuzivutikanso."

"Sindizibweranso uko."

"Ayi ndithu. Mungokhala phee."

"Zikomo kwambiri, bambo Fanuelo," anatero. Sanati a Zomba.

Che Bakali anamugwira Fanuelo chanza ndi manja awiri. Anali munthu wamtali, wa ndevu zoyera, wosakweza mawu.

"Mwandichotsa minga, mwanawe. Mwana wamkazi kutuluka, kulowa, kutuluka, kulowa, anthu a pa doko pano pakamwa pawo sipatsekeka. Tsopano akhazikike. Mapepala azidzatenga Shaibu."

Fanuelo anamwetulirabe. Kumwetulirako kunazima atafika pa tebulo lake.

*

Shaibu anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Anabwera ndi injini ya boti, wotchi yaikulu ndi mafuta onunkhira amene ankafika iye asanafike. Boti lake ndi limene linkanyamula matumba a Che Bakali pakati pa Chisi ndi Kachulu. Pa doko aliyense ankadziwa chimene Che Bakali ankaganiza za mnyamatayo ndi Jamila. Chinangotsala ndi mawu a mayi ake a mtsikanayo.

Tsopano m'mawa uliwonse pulinta inkadzuka yokha. Fanuelo ankaona mapepala a Jamila akutuluka, ofunda, opanda mwini. Mitengo ya matemba. Mayina a mamembala. Kenaka fungo lija, kenaka Shaibu.

"Bwana injiniya. Katundu wathu wafika?"

"Ali apo."

"Mwagwira ntchito, amwene. Ine kale ndinkasowa chifukwa cholowera mu ofesi muja. Pano ndimalowa, ndimapereka mapepala, amandipatsa mpando. Mpaka tiyi." Anawerenga mapepala ndi chala chonyowetsa. "Pa ukwati mudzakhale kutsogolo. Mpunga wanu womwewu."

Madzulo ena Fanuelo analephera kupirira. Analemba uthenga: Agogo akukusowani. Yankho linabwera m'mawa mwake, lalifupi: Musatumizenso. Foni amagwira ena.

Anakumana naye kamodzi kokha, pa njira ya ku doko, pakati pa matandala oyanikira nsomba. Jamila anali ndi mwana wa amjomba ake kumbuyo. Sanaime. Anangochepetsa liwiro.

"Jamila, ine ndinkafuna kukuthandizani."

"Mwandithandiza."

"Munati mwatopa ndi kuyenda."

"Ndinatero. Inunso mumati mukupita ku Blantyre." Anakonza mwana kumsana. "Munthu akatopa ndi mlendo samuthamangitsa. Amangomuuza kuti musavutike kubwera, tizikutumizirani."

"Si choncho."

"Anthu akutiona," anatero, napita.

Fanuelo anatsala ataima, ntchentche zikumuzungulira. Anakumbukira tsiku la mvula lija. Mpango wonyowa, kuseka kuja. Munthu wotopa saseka choncho. Chingwe anagula yekha, khoma anabowola yekha. Panalibe woti amuloze chala.

*

Lachinayi linali tsiku la msonkhano waukulu wa a nsomba. Alangizi ochokera ku boma ankabwera kudzakambirana za nyengo yotseka nyanja. Fanuelo ankadziwa kuti mapepala akhala ambiri, ndiponso ofunika msanga.

Anafika m'mawa kwambiri. Anagwada pansi pa tebulo. Anatulutsa chingwe cha buluu kumbuyo kwa kompyuta, n'kuchisiya chitangotsamira, kuti woona aziti chili m'malo.

Mayi Getrude anali ataima pakhomo.

"Ukutani pansipo?"

"Ndikusesa."

"Ndi manja?" Anakhala pa mpando wawo. "Fanuelo, dzenje loyamba unakumba usakudziwa. Ili ukukumba ukuona."

"Ndikungofuna abwere kamodzi, amayi. Ndi fulashi, ngati kale. Ndimuuze zimene ndinalephera kunena."

"Pakamwa uli napo. Khomo la amjomba ake ukulidziwa."

"Angandilandire ine? Iwo Asilamu, ine wa kwaya ya Lamulungu?"

"Kukanidwa pakhomo kuli ndi ulemu wake. Izi zilibe."

Fanuelo anasiya chingwe mmene chinalili. Anakhala pansi, maso pakhomo. Pulinta inali chete. Dzuwa linakwera. Panja anthu anayamba kusonkhana pansi pa mtengo, mabenchi akukokedwa. Ankatchera khutu pa phazi lililonse lodutsa pakhonde.

Amene analowa anali Shaibu.

"Mapepala a msonkhano, bwana injiniya."

"Sanatuluke. Netiweki yavuta lero."

"Yavuta?"

"Zimachitika. Muwauze abwere ndi fulashi. Abwere okha, ndi amene akudziwa mafayilo ake."

Shaibu anayang'ana pulinta. Anayang'ana Fanuelo. Anamwetulira pang'ono n'kutuluka.

Khoma lija linali ndi bowo tsopano, ndipo bowo limadutsa mawu. Fanuelo anamva zonse. Che Bakali, amene sankakweza mawu, anali atawakweza.

"Alendo akhala pansi. Ndiwapatse chiyani, manja? Ntchito imodzi yokha, kudina. Wakhala ukuganiza chiyani m'mawa wonsewu?"

"Ndatumiza, amjomba. Kalekale."

"Ukanatumiza bwenzi atatuluka. Makina sanama."

"Ndatumiza ndithu."

"Pamaso pa anthu ukufuna kundiyesa wabodza?"

Fanuelo anadzuka kuti abwezere chingwe. Anachedwa. Mithunzi itatu inali kale pakhomo.

*

Che Bakali analowa koyamba. Shaibu pambuyo. Jamila anaima pafupi ndi chitseko, maso ofiira, fulashi ili m'manja. Anabwera, monga Fanuelo anafunira.

"Mwanawe," Che Bakali anatero, "tiuzeni zoona. Wolakwa ndi mwanayu kapena makina?"

"Ndi makina, bambo. Iwo sanalakwe."

"Pepani pang'ono," anatero Shaibu. Anapinda thalauza lake loyera n'kugwada pansi pa tebulo. "Ku Joni ndinagwirako mu shopu ya zinthu ngati izi. Kusesa kokha, koma maso ndinali nawo." Anatulutsa mutu, chingwe chili m'manja. "Ichi sichinagwe chokha. Chili ndi kambedza kake. Pochotsa umachita kudina."

Mayi Getrude anayang'ana kudenga.

Jamila anamuyang'ana Fanuelo, koyamba kuchokera pamene analowa.

"Mwachotsa nokha?"

Fanuelo anagwetsa nkhope.

"Mumamva mmene amandikalipira?"

"Ndimamva."

"Ndiye mumafuna kundiona. Mwandiona."

Shaibu anali akupukuta kamutu ka chingwe pa malaya. Jamila anaona zimenezo, ndipo nkhope yake inasintha mwadzidzidzi. Mkwiyo unachoka, kunabwera china.

"Zimene ndinatumiza m'mawa zija," anafunsa motsitsa, "zinasochera, eti? Zinatayika?"

Fanuelo anafuna kumutonthoza. Anaganiza kuti akuopa kuyambiranso ntchito.

"Ayi, sizitayika. Zimangodikira pamzere. Chingwe chikalowa zituluka zonse, mmene munazitumizira."

"Shaibu, dikirani," Jamila anatero.

Koma chingwe chinali chitalowa kale. Agogo aja anatsokomola, anakoka pepala. Linatuluka pang'onopang'ono kuposa masiku onse, chifukwa silinali la malemba. Che Bakali, amene anali pafupi, analilandira.

Chinali chithunzi. Fanuelo anachizindikira asanachione bwino. Chinajambulidwa tsiku limene anaika sola pa nyumbayo, makomiti onse awiri ataima pamzere kutsogolo kwa khonde. Koma pano makomiti panalibe. Wina anali atadula onse, kumanzere ndi kumanja, n'kukulitsa pakati. Panatsala anthu awiri. Fanuelo akuseka, Jamila akuyang'ana iye m'malo moyang'ana wojambula, mapewa awo atagundana.

Che Bakali anachiyandikiza kumaso. Analoza m'mphepete, pamene panatsala kachidutswa ka nsalu yoyera.

"Uwu ndi mkono wanga," anatero. "Mkanjo wanga wa Lachisanu. Ine ndadulidwa."

Palibe anaseka. Kumbuyo kwawo pulinta inayamba kulavula mapepala a msonkhano, limodzi pa linzake.

Apa ndi pamene Fanuelo anamvetsa. Jamila anali atapeza njira yake. Anadzuka m'mawa, anafika Shaibu asanafike, anatumiza chithunzicho kudzera m'chingwe chomwecho, podziwa kuti pa nthawi imeneyo Fanuelo amakhala yekha ndi pulinta. Chikanatulukira m'manja mwake. Akanachipinda, akanachiika m'thumba, akanadziwa zonse popanda wina womva. Iye nthawi imeneyo n'kuti ali pansi pa tebulo, akuzula.

"Bambo," anayamba, "wolakwa ndine. Jamila..."

"Dzina lake lichoke pakamwa panu." Che Bakali anali atabwerera ku mawu awo otsika. Anapinda chithunzi kawiri n'kuchiika m'thumba la pamtima. "Ine ndinakugwirani chanza ndi manja awiri. Munthu wofuna mwana wa eni amabwera masana, ndi akuluakulu ake, pakhomo. Sabowola khoma."

Anatembenukira kwa Jamila.

"Kiyi wa ofesi upereke kwa Shaibu. Upite kunyumba ukalongedze. Mawa ukwera boti, ukakhale ndi mayi ako ku Chisi. Shaibu akuperekeza. Akaonekere kwa mlongo wanga, nkhani ija ithe. Ndinkati tidikire nyanja itsegulidwe. Sitidikiranso."

"Amjomba..."

"Alendo akudikira."

Shaibu anasonkhanitsa mapepala a msonkhano, anawagunditsa pa tebulo kuti alingane. Pakhomo anacheuka.

"Chingwe musachotsenso, bwana injiniya. Kuyambira mawa wodina ndine."

Jamila anatsala kamphindi. Anayenda mpaka pa tebulo la Fanuelo, anaika fulashi ija pafupi ndi dzanja lake.

"Ndinadikira m'mawa wonse," anatero, osamuyang'ana. "Ndinkati mugogoda pakhoma. Kamodzi kokha. Ndikanadziwa kuti mwachiona."

"Sindinadziwe, Jamila."

"Simudziwa kawirikawiri, a Zomba."

Anatuluka.

*

Msonkhano unachitika pansi pa mtengo. Mawu a alangizi ankamveka patali, ndi kuomba m'manja mwa apo ndi apo. Fanuelo anakhala pa mpando wake osagwira kanthu. Mayi Getrude anamubweretsera chinangwa chowotcha. Chinazizira pa tebulo.

"Amalume ako ali ku Songani, si choncho?" anafunsa.

"Ali konko."

"Angabwere kudzakulankhulira kwa Che Bakali?"

"Akamva kuti ndi Msilamu afunsa kaye mayi. Mayi akana."

"Wawafunsa?"

"Ayi."

"Iwe zinthu umayankhira anthu usanawafunse. Ndi matenda ako." Anatenga chikwama chawo. "Zimitsa makinawo potuluka. Akungophethira."

Kunali koona. Kagetsi kofiira ka pulinta kankaphethira kuchokera pamene anthu aja anatuluka. Mapepala anali atatha. Fanuelo anatenga ena mu kabati, anawalowetsa, kuti kagetsiko kaleke.

Agogo aja anatsokomolanso. Panali chinthu chimodzi chotsala pamzere.

Chithunzi chomwe chija. Jamila anali atachitumiza kachiwiri, atatha mapepala a msonkhano, ataona kuti khoma lili chete. Koma inki inali itathera m'mapepala a alangizi. Mbali ya Fanuelo inatuluka bwino, mano onse pamtunda. Mbali ya Jamila inatuluka yotuwa, mizeremizere, nkhope ikuzimirira ngati chilumba cha Chisi m'mawa wa nkhungu.

Anachigwira chikadali chofunda. Foni yake inali pa tebulo, nambala ya amalume ake ili poyera, chala chake chili pamwamba pake. Minibasi yomaliza ya ku Zomba inali ikuliza hutala pa siteji.

Kumunsi ku doko, Shaibu, poyesa boti la ulendo wamawa, anakoka chingwe cha injini. Inakana. Anakokanso. Inalira.